Mwavi wa pa Wailesi

Ine ndinafika ku Lilongwe nditakwiya, ndipo mkwiyowo sunathe msanga. Boma litalamula kuti likulu lichoke ku Zomba, maunduna ankasamuka umodziumodzi, ndipo ife alembi a taipi anatikweza pamodzi ndi makabati a mafayilo popanda wotifunsa. Ndinasiya phiri, mthunzi ndi madzi ozizira. Ndinapeza fumbi lofiira lolowa mpaka m'mano, makatapila akugumula zulu, ndi misewu ya phula yotakasuka bwino yopita kumene kunalibe nyumba ndi imodzi yomwe. Kuchokera ku Old Town, kumene kunali msika ndi anthu, kukafika ku maofesi atsopano a ku Capital Hill, basi inkadutsa m'tchire. Nyumba yanga ya boma akuti inali isanafoleredwe, choncho ndinakakhala kwa achemwali anga ku Area 15. Ndinali mayi wamkulu kale, ukwati utatha, ana ali kusukulu yogonera komweko.

Achemwali anali mphunzitsi wa kusekondale. Amuna awo, alamu anga, anali bwana mu unduna wina, munthu wa mtima wabwino koma wamantha zedi, woti asanayankhe moni ankayamba aganiza ngati moniwo sungawachotsetse ntchito. Sindikuwanyoza ayi. Masiku amenewo ambiri tinali otero.

Chimene chinkasiyanitsa achemwali ndi azimayi ena a m'nyumba zikuluzikuluzo n'chakuti ankalemba nkhani. Lero mtsikana akati akulemba buku anthu amangoti chabwino. Nthawi imeneyo mabuku onse a Chichewa amene ine ndinawagwirapo anali olembedwa ndi abambo, ndipo mayi wogwira pensulo Loweruka masana, anzake ali ku zinkhoswe, ankaoneka ngati banja silikumuyendera. Ankalembera pa tebulo lodyera, zolemba zake ngati papalasa nkhuku. Ine ndinkazitaipa pa makina akale amene alamu anagula kwa mzungu wina wobwerera kwawo. Tinkakangana pa tsamba lililonse. Ine ndinkati anthu a m'nkhani zawo amayankhula ngati ali pa guwa. Iwo ankati mlembi wa taipi ntchito yake ndi zala, osati pakamwa. Koma ndikangotembenuka ankakonza ndithu.

Panyumbapo panali mayi wina wochapa ndi kusita. Anali wamasiye, wamkulu kuposa achemwali, mkhristu wosajomba kutchalitchi. Mudzi wawo unali cha pomwe ankamanga City Centre. Boma linawasamutsa n'kukawathira kunja kwa tauni pamodzi ndi midzi ina ingapo, anthu osadziwana mitundu, mjigo umodzi. Ankabwera wapansi Lolemba, kugona ku boyizikota, n'kubwerera Loweruka kwa mwana wawo wamkazi ndi adzukulu. Simbi yamagetsi ankaikana, ankati ndi yopepuka ngati chidole, choncho ankasita ndi yamakala pakhonde la kuseri. Achemwali ankawaitana kuti amayi, iwo n'kumati aphunzitsi. Ine ankanditi a taipi.

Nkhani inatuluka tsiku lina akusita malaya a alamu. Achemwali anali atangodandaula kuti mzinda uno ulibe mbiri, ndi wongojambula papepala. Mayi aja anauzira makala, n'kuloza ndi chibwano cha ku mtsinje wa Lingadzi.

"Mbiri ilipo, aphunzitsi, koma si yokoma. Kumadzi uko kudali mkuyu waukulu. Agogo anga obereka amayi adamwera mwavi pamenepo."

Obadwa posachedwa mwina sadziwa. Mwavi ndi khungwa la mtengo wakupha. Kale munthu akamuganizira ufiti ankaitana mapondera, katswiri wosinja khungwalo, n'kulisungunula m'madzi, woganiziridwayo n'kumwa pamaso pa mudzi wonse. Akasanza ndiye kuti ndi wosalakwa, azimayi n'kuimba nthungululu. Akafa ndiye kuti inali mfiti, mlandu n'kuthera pomwepo.

Agogo awowo anali woumba mbiya, wamanzere, mkazi wamkulu pamitala. Mwana wa mkazi wamng'ono atamwalira, chala chinaloza iwo. Azungu anali ataletsa kale mwavi, n'chifukwa chake anakachitira kumadzi, kutali ndi njira. Chimene chinandipweteka kwambiri ine n'chakuti amene anatumidwa kukatunga madzi osungunulira mwaviwo anali mwana wawo yemwe, mayi wa wotisitirayu, ali kamtsikana kosatha msinkhu, ndipo anatungira mu mtsuko woumba mayi ake. Anamwa anthu angapo tsikulo. Enawo anasanza. Agogowo sanasanze.

Malayawo atatha kusitidwa, achemwali anafunsa.

"Amayi, nkhani imeneyi ndiilembe?"

"Lembani. Awerenga ndani? Kwathu odziwa kuwerenga amawerenga Baibulo ndi buku la nyimbo basi."

Analemba dzinja lonse. Achemwali sanali waulesi. Ankapita kumsika wa ku Old Town kukakhala pa chidina cha ndowa pakati pa nkhalamba zogulitsa fodya ndi mphasa, kuzifunsa mmene mapondera ankavalira, mmene ankalandiridwira, zimene anthu ankadya m'mawa wa tsikulo. Maina onse anasintha. Koma dzanja lamanzere, mtsuko ndi mkuyu anazisiya, ankati zimenezo ndi mafupa a nkhaniyo. Cholinga chawo chinali chimodzi, ndipo ankachinena mpaka kutopetsa: kuonetsa kuti mwavi ndi poizoni chabe, sudziwa wolakwa ndi wosalakwa, ndipo unkakonda kugwera mayi wopanda womuikira kumbuyo. M'mutu womaliza woumba mbiya ankamwalira pansi pa mkuyu, kenaka mkazi wamng'ono uja, atakalamba, ankaulula kuti mwana wake anafa ndi malungo ndipo iye ananama chifukwa cha nsanje. Ndikutaipa mutu umenewo ndinalira, ine wouma maso, ndipo sindinapeze pokangana nawo.

Wosindikiza mabuku wina wa ku Blantyre anabweza mapepalawo. Anayankha mwaulemu wonse kuti zikanakoma mayi akanayamba ndi kabuku ka kaphikidwe kapena ka kaleredwe ka ana. Achemwali sanadye tsiku limenelo. Patapita nthawi mphunzitsi mnzawo anawalumikiza ndi bambo wina amene ankawerenga nkhani pa wailesi Lamulungu masana, chigawochigawo. Bamboyo anaikonda. Alamu anachita mantha, n'kupempha kuti dzina lawo lisamveke pa mphepo, choncho achemwali anagwiritsa ntchito dzina la kwa bambo athu. Sabata iliyonse ndinkataipanso chigawo chimodzi mwaukhondo n'kukachiponya ku positi ofesi ya ku Old Town.

Tinasangalala, ndisaname. Wowerengayo akati nkhaniyi walemba ndi mayi, achemwali ankayang'ana pansi ngati mkwatibwi, ine n'kumawagunda ndi chigongono. Pamsika ndinamva azimayi a tomato akutukwana mkazi wamng'ono uja ngati ndi woyandikana naye nyumba. M'chisangalalocho palibe mmodzi wa ife, ophunzira tonse atatu, amene anakumbukira kuti chilolezo cha mayi aja chinali cha buku, ndi kuti khutu silifuna sukulu. Kumudzi watsopano uja kunali wailesi pagolosale, ndipo Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi ankadzaza pakhonde pake. Mayi aja nawonso ankamvera, poyamba monyadira chamumtima, osauza munthu kuti wolembayo amamusitira zovala.

Kutatsala chigawo chimodzi chokha, Lolemba lina nditaweruka kuntchito ndinawapeza atakhala pansi pakhonde la kuseri, miyendo atatambasula, zovala zili m'dengu zosasita. Makala anali asanakolezedwe n'komwe.

"Mwaswera bwanji, amayi? Mwadwala kodi?"

"Ndatswera, a taipi. Ndiitanireni aphunzitsi."

Achemwali atabwera anawapatsa mpando, iwo anakana.

"Chikuku chalowa m'mudzi," anatero. "Ana apita angapo, onse a midzi inayo, a kwathu yayi. Ndiye pali nkhalamba ina ya kwathu, idamva za woumba wamanzere ndi mkuyu wa ku Lingadzi, basi idangoti, ameneyutu ndi gogo wake wa uje. Sidanene mwa choipa. Koma padali anthu."

Anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pa zala za kumapazi. Akafika pamjigo azimayi ankachotsa ndowa zawo n'kuima patali mpaka iwo atachoka. Kutchalitchi benchi yawo inkakhala ya iwo okha ndi mwana wawo. Adzukulu ankathamangitsidwa pamasewera. Anthu ankati ufiti amachita kuyamwira, umatsata bere, kuchoka kwa gogo kupita kwa mayi mpaka kwa mwana wamkazi. Anapita kwa mkulu wa mpingo, anawapempherera bwino ndithu, koma mkazi wa mkuluyo anali mmodzi wa ochotsa ndowa. Nkhalamba ija, itaona zimene yayambitsa, inayamba kunena kuti mathero ake sikuwakumbukira, inali mwana.

"Ndiye agwirizana kuti adikire Lamulungu likudzali. Akuti wailesi ndi ya boma, boma lidafufuza m'mabuku a azungu, silinganame. Agogo akafa m'nkhanimo, ine ndi mwana wanga tichoke, nyumba atentha. Tipita kuti, aphunzitsi? Kwathu mudathirako phula."

Achemwali anagwada pafupi nawo n'kuwagwira dzanja.

"Amayi, musaope. Kumapetoko mkazi wamng'ono akuulula kuti ananama. Aliyense amva ndi makutu ake kuti agogo anu anali osalakwa."

"Koma afa?"

"Amwalira, monga munandiuzira."

"Ndiye basi. Kwathu wofa ndi mwavi alibe koma. Akangomva kuti wagwa, zotsalazo samva, adzakhala atanyamuka kale."

Kenaka anawomba m'manja mofatsa, monga amachitira Achewa popempha kwa wamkulu.

"Ndapota nanu, aphunzitsi. Asanze."

Tinayesa njira zina, aliyense ndi nzeru zake. Ine ndinati tingoileka nkhaniyo, tisatumize chigawo chomaliza. Mayi aja anati zikatero anthu adzati mfiti yatseka pakamwa pa wailesi. Achemwali anati apita okha kumudziko akafotokoze kuti ndi nkhani yopeka. Iwo anati yayi, mukangofika adziwa kuti adakuuzani ndine, adzati mfiti yadzitamandira yokha. Alamu anati asamukire kuno, boyizikota ilipo. Iwo anafunsa ngati m'kachipindamo mungalowe mwana, adzukulu, mbuzi ndi munda. Alamu anapita kukawerenga nyuzipepala.

Mawa lake ine ndi achemwali tinakangana m'khitchini, mkangano woti sitinakanganepo chibadwire. Iwo anali ataima chotsamira sinki, manja atapinda.

"Ndikawasanzitsa ndiye kuti ndavomereza kuti mwavi umadziwa," anatero. "Ndiye kuti onse amene anagwa ndi mwavi m'dziko muno anali afiti ndithu, ndipo wanena ndine, dziko lonse likumva. Ndalemba dzinja lonse kuti ndinene chinthu chimodzi. Iwe ukuti pa tsamba lomaliza ndichikane."

"Ogwawo anagwa kale, achemwali. Nyumba yoti ipse ndi ya amoyo. Munalira mvula, matope ake ndi amenewa."

"Usandiphere mwambi, iwe. Nanga mawa mudzi wina ukaitana mapondera mobisa chifukwa wamva pa wailesi kuti wosalakwa amasanza? Mayi amene adzagwe kumenekoyo, adzakhala atamupha ndani?"

Funsolo linandikwiyitsa koposa. Ndinawauza kuti mayi wa kumudzi winayo sitikumudziwa, pamene uyu ali kuseri kuno akutichapira zamkati. Ndinawauzanso kuti chimene chikuwapweteka ndi dzina lawo, dzina la mayi woyamba kulemba nkhani ya pa wailesi. Anandiyang'ana n'kunena kuti inde, ndi zimenezonso, ndipo sachita nazo manyazi, chifukwa akalephera iwo abambo aja adzati taonani, tinanena kuti alembe za kaphikidwe. Ndinamenyetsa chitseko cha kabati n'kutuluka. Mpaka lero ndimati tonse tinkanena zoona, koma panthawiyo ndinkangoona mtima wa mwala.

Mayi aja sanapemphenso. Anakoleza makala, anasita, anasesa. Ulemu wawo unali womwe uja, ndipo umenewo ndiwo unkapweteka kwambiri. Chigawo chomaliza chinali chotaipa kale, chili mu envulopu pamwamba pa kabati, ndipo chinayenera kuponyedwa Lachinayi kuti chikafike nthawi yabwino.

Lachitatu madzulo kunabwera mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo uja, akukankha njinga. Panjingapo anamangirira chitseko. Chinali chitseko cha thabwa la mlombwa, chakuda ndi utsi, chokhala ndi mahinjesi ake omwe. Anachitsamiritsa kukhoma la boyizikota, anapereka moni atagwada patali ndi apongozi ake monga mwa mwambo, anamwa madzi, n'kubwerera. Ndinafunsa kuti chitseko n'chachiyaninso.

"Adapala ndi malemu amuna anga," anatero mayi aja. "Tidachisenza pochoka kumudzi wakale. Nyumba ikapsa, chokhachi chitsale. Pakhomo atseka ndi mphasa."

"Nanga akamwini akuti chiyani?"

"Abale awo awauza kuti Loweruka abwerere kwawo. Akamwini ndi alendo, a taipi. Sangapsere nyumba ya eni."

Pazenera la chipinda chodyera chitsekocho chinkaoneka bwino. Achemwali anakhala pa tebulo lawo lija, pensulo ili pambali, akuchiyang'ana mpaka dzuwa linapendeka. Ndinawasiya, poti ndinkawadziwa kuti ukawakankha amakhala ngati bulu pamlatho.

M'mawa mwake anandiuza kuti nditumize uthenga kuntchito kuti ndadwala, ndivundukule makina. Sanalembe ndi pensulo. Anaima kumbuyo kwanga n'kumanena, ine ndikutaipa. Woumba mbiya anamwa, anayenda mozungulira mkuyu, anagwada, anagwira pamimba, mwana wake akuyang'ana mtsuko uli m'manja. Ndiye anasanza. Anasanza mpaka ndulu, azimayi n'kuimba nthungululu, amuna ake n'kumunyamula kupita naye kumudzi, kumene anaumba mbiya mpaka imvi. Ndinayembekeza kuti alemba mwamphwayi, koma ayi, analemba mwaluso kuposa poyamba. Anati bodza lofuna kupulumutsa munthu lisamachite kutsimphina. Anaonetsetsa chinthu chimodzi: pasafe wina aliyense, ndipo mkazi wamng'ono asalangidwe, poti nayenso ali ndi adzukulu m'mudzi womwewo. Nditamaliza sanawerengenso. Ndinakwera basi ya ku Old Town ndekha.

Lamulungu tinamvera pabalaza, ine ndi alamu. Achemwali anali kumunda wa maluwa, akuzula udzu umene wolima anali atazula kale. Mayi aja anali kumudzi. Anatiuza pambuyo pake kuti anavala zoyera za kutchalitchi n'kukakhala pakhonde la golosale, kutsogolo kwenikweni, kuti ngati n'kumugwira munthu asachite kumufunafuna.

Lolemba anafika mochedwa, ali ndi nkhuku kukhwapa. Anati wowerenga atangoti wasanza, amene anayamba nthungululu anali mkazi wa mkulu wa mpingo. Nkhalamba ija inati eya, tsopano yakumbukira, zinaterodi. M'mawa pamjigo mayi wina amene anataya mwana anawatengera ndowa n'kuwapopera madzi. Palibe anapepesa, ndipo iwo sanayembekeze kupepesedwa. Mkamwini sanapite kwawo. Anabwera ndi njinga yake kudzatenga chitseko. Nkhukuyo achemwali anailandira ndi manja awiri, koma pa chakudya anangodya masamba.

Zinatsatira zimene ankaopa. Bambo wina wophunzira kwambiri analemba m'nyuzipepala kuti n'zachisoni kuti mayi woyamba kupatsidwa mpata wotere wauthera pophunzitsa mtundu kuti mwavi umazindikira wosalakwa, pamene dziko likumanga likulu lamakono. Kusukulu aphunzitsi anzawo ankasiya kuyankhula iwo akalowa. Mbusa wathu anaitchula nkhaniyo pa guwa, osatchula dzina, koma maso a mpingo wonse anadziwa kolowera. Ine magazi anawira. Ndinakhala pa makina kuti ndimuyankhe bambo wa m'nyuzipepalayo, ndimuuze kuti iye ndi digiri yake sanaonepo chitseko chikuthawa moto panjinga. Achemwali anasolola pepalalo m'makina.

"Nyuzipepala amakulungira usipa," anatero. "Ikafika kumudzi kuja, wina adzaiwerenga."

Choseketsa, ngati n'choseketsa, n'chakuti wosindikiza wa ku Blantyre uja tsopano analifuna bukulo, poti anthu anali atalikonda, koma analifuna ndi mathero a pa wailesi. Achemwali anakana. Kulisindikiza ndi mathero enieni sakanatha, chifukwa mayi aja anali moyo, mwana wawo anali moyo, ndipo adzukulu aakazi ankakula. Anati adikira. Anadikira mpaka anapuma ntchito, mpaka maso anafooka, ndipo bukulo silinatuluke. Amene amawakumbukira lero, ngati alipo, amawakumbukira ngati mayi uja analemba zotamanda mwavi. Zimenezi zimandiwawa kuposa imfa yawo, ndipo ndikulemba pano chifukwa onse amene akanapsa nazo anapita kale kapena anabalalikira m'matauni.

Koma ndibwerere ku chaka chomwecho. Mvula itatha, Loweruka lina masana, alamu atapita ku msonkhano, mayi aja anamaliza kusita, anakhuthula makala, anamanga kampukutu kawo ka ulendo. M'malo motsazika anakhala pansi pakhonde.

"Aphunzitsi, zija mudalemba poyamba zilipo?"

"Zilipo, amayi."

"Ndiwerengereni. Ine ndekha."

Achemwali anakatenga mapepalawo. Ine ndinafuna kuchoka koma mayi aja anati a taipi akhale, zidadutsa m'zala zawo. Achemwali anawerenga ndi mawu a m'kalasi, osathamanga. Woumba mbiya anamwa, anayenda mozungulira mkuyu, anagwada. Anayesa kusanza, anadzilowetsa chala kukhosi, anthu n'kumugwira dzanja. Anaitana mwana wake, mwanayo n'kuletsedwa kuyandikira. Anagwa chammbali, dzuwa lisanafike pamutu. Atafika pamene mkazi wamng'ono akuulula bodza lake, mayi aja anakweza dzanja.

"Pomwepo basi. Zinazo mudawonjezera ndinu, zikomo. Iye uja sadaulule."

Anakonza mpango kumutu.

"Amayi adandiuza kuti tsiku limenelo adawatseka pakamwa ndi chikhatho. Mfiti siliridwa. Mtembo adakautaya kutchire, panalibe manda, panalibe kumeta. Amayi adakalamba mpaka kufa asadalire amayi awo. Ine ndimati tsiku lina ndidzawalirira. Tsopano kumudzi sindingathe, poti kumeneko agogo adasanza, adafa ndi ukalamba." Anayang'ana achemwali. "Kuno kumaloledwa kulira?"

Achemwali anavomera ndi mutu.

Ndinakhalapo pa maliro ambiri, koma kulira kumeneko sindinakumvepo. Anayamba chapansipansi, akuitana agogo awo ndi dzina la mfunda wawo, kenaka mawu anakwera, kulira kwenikweni kwa kumudzi, kofunsa wakufa mafunso. Ankawafunsa chifukwa chimene sanasanzire. Ankawauza kuti mwana wawo uja anakula, anabereka, koma sanagwirenso mtsuko osanjenjemera. Ankawapepesa kuti awanamizira moyo pa wailesi. Ku Area 15 kunalibe wolira motero. Nyumba zinali patalipatali, anthu ake a maliro a m'galimoto, ndipo mawuwo anadutsa mipanda ya maluwa mpaka kumsewu. Achemwali anatsika pampando n'kukhala pansi pambali pawo, mapepala ali pamiyendo, nawonso n'kuyamba. Sindikudziwa ngati ankalira woumba mbiya yekha.

Posakhalitsa pageti panafika anthu. Anali alonda, olima maluwa ndi azimayi ogwira ntchito m'nyumba zoyandikana, anthu a m'midzi yozungulira, oti akamva mfuu ya maliro sangapitirize kuthirira kapinga. Analowa mwakachetechete n'kuima chapatali. Ndinachita mantha, chifukwa ena a iwo akanatha kukhala ndi abale kumudzi kuja. Mlonda wina wachikulire anavula chipewa n'kuyandikira.

"Pepani, mayi. Tamva kulira. Watisiya ndani?"

Mayi aja sakanatha kuyankha, ndipo sakanayenera. Achemwali anatembenuza mapepala aja chafufumimba, anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, n'kumuyang'ana mlondayo.

"Ndi agogo athu," anatero. "Uthenga wafika mochedwa."

Mlondayo anati pepani, n'kubwerera kukauza anzake. Abambo anakhala pa kapinga, azimayi anabwera pakhonde n'kutizungulira, mmodzi anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi. Palibe anafunsanso china. Anakhala nafe mpaka dzuwa linapendeka.